PA ULENDO: Kukwera Phiri la Mose Usiku

Mwezi uno ulendo wathu ukupita kutali, ku dziko lopanda udzu ndi lopanda mitsinje. Ambiri a ife tikamva za kukwera phiri, m'maganizo mwathu mumabwera Mulanje, Zomba, Dedza kapena Nkhoma, mapiri a mitengo ndi nkhungu, kumene munthu akamva ludzu amangogwada pa kamtsinje namwa ndi manja. Phiri limene tikambe lero lilibe zonsezi. Lili kumwera kwa chigawo cha Sinai m'dziko la Egypt, dziko lija timaliwerenga kuti Aigupto m'Buku Lopatulika. Aarabu amalitcha Jebel Musa, ndiko kunena kuti Phiri la Mose. Pa nyengo ya alendo anthu mazanamazana amalikwera usiku uli wonse, ena chifukwa cha chipembedzo, ena chifukwa chongokonda kuyenda m'mapiri. Akhristu ena a kuno kwathu nawonso amasonkha ndalama zaka zingapo kuti akapondeko. Tsono funso loyenera kulifunsa ndi ili: kodi mwana wa Mpingo wathu akafuneko chiyani ku phiri lotere, ndipo akabwereko ndi chiyani?

Tiyambe taliona phirilo. Nsonga yake ili pa mamita 2,285 kuchokera pa nyanja yamchere. Mnyamata amene anafikapo pa Sapitwa, pa mamita 3,002, akhoza kuseka nati, "Kaphiri kameneka n'kachiyani?" Ndipo kunena zoona, ulendo wokwera suyambira pansi penipeni ayi. Umayambira pa nyumba yakale ya amonke yotchedwa Saint Catherine, imene ili kale pamtunda, kotero kuti chotsala chokwera ndi miyendo ndi mamita pafupifupi 700 okha. Pafupi pomwepo pali phiri lina lalitali koposa, Jebel Katarina, lopitirira mamita 2,600, ndipo ndilo lalitali kuposa mapiri onse a m'Egypt. M'chaka cha 1988 boma la dzikolo linapatula dera lonseli kuti likhale malo otetezedwa, monga momwe ife tinapatulira Nyika ndi Liwonde, ndipo kukula kwake kumaposa Nyika. M'chaka cha 2002 bungwe la UNESCO linaika nyumba ya amonke ija pamodzi ndi mapiri oizungulira m'kaundula wa malo a mtengo wapatali a dziko lonse lapansi.

Koma mnyamata wa ku Sapitwa uja asafulumire kuseka. Chimene chimavuta pa Sinai ndi kuuma kwake. Mapiri ake ndi matanthwe ofiira okhaokha, ong'ambikang'ambika, opanda mthunzi. Mvula yogwa kumeneko chaka chonse siifika ngakhale gawo limodzi mwa magawo khumi a mvula ya ku Lilongwe, ndipo zaka zina imangowaza basi. Mpweya wake ndi wouma kotero kuti thukuta limauma lisanaoneke pakhungu. Apa ndi pamene pali msampha. Ku Nsanje kapena ku Salima munthu amadziwa kuti akutaya madzi chifukwa malaya amanyowa. M'chipululu thupi limataya madzi mwakachetechete, ndi pakhungu ndi popuma pomwe, mwini wake osazindikira. Ludzu limabwera mochedwa. Mutu ukayamba kuwawa, miyendo kulemera, mkodzo kuchepa ndi kuda, ndiye kuti thupi layamba kale kulira. Chifukwa chake oyenda m'chipululu amamwa pang'onopang'ono ulendo wonse osadikira ludzu, nadyako kanthu ka mchere, pakuti thukuta limachotsa mchere pamodzi ndi madzi. Ndipo chodabwitsa n'chakuti dziko lomweli la ludzu limaphanso anthu ndi madzi. Mvula ikagwa pa thanthwe ilibe polowera. Yonse imathamangira m'zigwa zouma zimene iwo amazitcha wadi, nisanduka chigumula chokokolola miyala m'kanthawi kochepa, nthawi zina pamalo pamene sipanagwe ngakhale dontho. Madzi saiwala khwawa, anatero akale, ndipo eni dziko sagoneka mlendo pakati pa khwawa ngakhale mchenga wake uoneke wofewa bwanji.

Chifukwa cha dzuwa limeneli, ndiponso chifukwa chofuna kukaona kutuluka kwake ali pamwamba, alendo ambiri amanyamuka cha m'ma 1 koloko kapena 2 koloko usiku. Saloledwa kukwera okha; gulu lili lonse liyenera kukhala ndi mtsogoleri wa mtundu wa Abedwini a kumeneko. Njira imene ambiri amadzera ndi ya ngamira, yokhotakhota, yosatsetsereka kwambiri. Anaikonzetsa ndi Abbas Pasha, wolamulira Egypt cha pakati pa zaka za m'ma 1800, amene anafuna kumanga nyumba yake m'mapiri amenewa chifukwa cha mpweya wake wabwino. Munthu woyenda bwino amatha maora awiri ndi theka kapena atatu. Kumwamba nyenyezi zimakhala zochuluka ndi zowala moti mwana wokulira m'tauni akhoza kuima kukamwa kuli yasa. Kutsogolo ndi kumbuyo kumangooneka matochi a anthu ali ndondondo ngati ziphaniphani zokwera phiri. Ngamira imayenda mopanda phokoso, pakuti mapazi ake ndi ofewa. Umangomva mwini wake akufuula, ndipo uyenera kupatukira mbali ya kuthanthwe, osati ya kuphompho. M'njiramo muli timisasa ta miyala momwe Abedwini amagulitsa tiyi wotentha ndi mabisiketi.

Wotopa akhoza kulipira ngamira kuti imunyamule, ndipo pamenepa palibe chochititsa manyazi, makamaka kwa amayi ndi abambo achikulire. Komatu ngamira ili ndi polekezera. Njira yake imathera pansi pa makwerero 750 omaliza, a miyala yosasema, ena aatali kufika m'maondo. Amenewa ali yense amakwera ndi miyendo yake, mbusa ndi mkulu wa mpingo, wolemera ndi wosauka, ndipo ndi pamenepa pamene gulu limaonekera khalidwe lake. Anyamata amphamvu amafuna kuthamanga kuti akapeze malo abwino oonera dzuwa. Kumbuyo kwatsala mayi wa Chigwirizano kapena wa Mvano amene mtima ukumugunda, tochi yake yatha moto. Atsogoleri odziwa ntchito amaika wofooka patsogolo kuti liwiro la gulu lonse likhale lake, ndipo amawerenga anthu awo pa msasa uli wonse. Ine ndikuti gulu la achinyamata limene lifika pamwamba mochedwa koma lathunthu layenda bwino kuposa limene lafika msanga litamwazikana m'mdima.

Makolo amene mukulongedzera mwana katundu wa ulendo wotere, mawu akuti chipululu asakunyengeni. Pamwamba pa phirili pamazizira koopsa. Nyengo yachisanu kumeneko ndi Disembala, Januwale ndi Febuluwale, pamene kuno tili pakati pa dzinja, ndipo m'miyezi imeneyi madzi amaundana usiku, nthawi zina chipale chofewa chimagwa nichiyeretsa mapiri. Ngakhale m'miyezi yotentha, mphepo ya m'bandakucha imalowa m'mafupa. Choopsa chimachitika motere: munthu wakwera maora atatu, malaya a m'kati anyowa pamsana pamene panali chikwama, kenaka akhala pa mwala ora lathunthu kudikira dzuwa. Thupi lonyowa limazizira msanga kuposa louma. Malaya ena ouma osinthira, juzi, chipewa ndi nsapato zozolowera kale phazi ndi zofunika kuposa suti yatsopano yojambulitsira chithunzi. Abedwini amabwereketsa mabulangete pamwambapo, pamtengo wake.

Pa nsonga penipeni pali kachalichi kakang'ono kamene kanamangidwanso m'chaka cha 1934 ndi miyala ya chalichi chakale, ndipo nthawi zambiri kamakhala kotseka. Pambali pake pali kamzikiti, pakuti Asilamu nawonso amalemekeza Mose monga mneneri. Anthu amadzaza pali ponse, ofunda mabulangete, ena akuimba nyimbo za Mulungu m'zilankhulo zawo, ena akupemphera, ena akungocheza ndi kuseka. Kenaka kum'mawa kumayamba kufiira, ndipo mapiri amene usiku wonse anali mdima wokhawokha amatuluka mzere ndi mzere, akuda, kenaka ofiirira, kenaka ngati makala a moto, kufikira kumene maso alekezera, popanda mtengo, popanda denga la nyumba, popanda utsi wa m'mudzi. N'zokongola ndithu. Koma pakangopita mphindi zochepa khamu lonse limatembenuka kuthamangira mabasi. Ndinene maganizo anga poyera: ulendo wa usikuwu, ngakhale uli wotchuka, umamana munthu zambiri. Wakwera osaona kanthu koma zidendene za mnzake, watsika ali ndi tulo. Amene ali ndi nthawi achita bwino kukwera masana dzuwa litapendeka, pamene njira ili yopanda khamu ndipo phiri likuoneka, kapena kupatula masiku awiri atatu kuyenda ndi Abedwini m'zigwa zozungulira.

Pansi pa makwerero omaliza aja pali kachidikha kobisika pakati pa matanthwe, kotchedwa dzina la Eliya. Pali mtengo wakale wamtali wa mtundu wa mkungudza, chitsime ndi kachalichi. Mwambo wa amonke umati pano ndi pamene mneneri uja anabisala m'phanga atathawa Yezebeli. Kaya ndi pomwepo kaya ayi, awa ndi malo abwino okhala pansi ndi kutsegula 1 Mafumu 19. Ambiri timakumbukira za mphepo, chivomezi, moto ndi mawu aja a kayaziyazi. Timaiwala chimene chinayamba. Eliya anali atatopa kufikira kupempha imfa, ndipo Mulungu asanamufunse kanthu kali konse anayamba wamulola agone, namupatsa mkate ndi madzi, namulola agonenso, namudyetsanso kachiwiri chifukwa ulendo unali wautali. Munthu amene wangokwera phiri usiku amaimva nkhaniyi ndi thupi lake lomwe. Makolo anzanga, mwana akabwera kuchokera ku mayeso kapena kofuna ntchito ali wogwa mphwayi, nayankhula mawu otaya mtima, kawirikawiri timayamba ndi ulaliki. Dongosolo la pa chaputala chimenechi ndi lina: chakudya ndi tulo poyamba, mafunso pambuyo.

Kuchokera pa chidikha cha Eliya pali njira yachiwiri yotsikira, yachidule koma yowawa, yolunjika ku nyumba ya amonke. Imeneyi ndi Makwerero a Kulapa. Pamodzi ndi 750 aja, onse amakwana 3,750. Amonke amasimba kuti anawayala ndi mmodzi wa iwo monga chizindikiro cha kulapa kwake. M'njiramo muli chipata cha miyala pamene kale pankakhala mmonke wina dzina lake Stefano, amene ankamva kuulula machimo kwa oyenda asanawalole kupitirira; mafupa ake akusungidwabe m'nyumba ya mafupa ya amonkewo, atavekedwa mkanjo. Otsika njira imeneyi asamale maondo, pakuti ngozi zambiri za m'mapiri zimachitika potsika, munthu atatopa ndipo mtima utanena kale kuti ntchito yatha.

Dzina la makwerero amenewa likutifikitsa pa funso lathu lija. Mtima wa munthu umakonda kuganiza kuti kuvutika kwa thupi kumagula kanthu kwa Mulungu, ndi kuti pemphero lonenedwa pamwamba pa Sinai limafika msanga kuposa lonenedwa m'chalichi chofolera ndi udzu ku Mchinji. Ena amabwerako ndi timiyala ndi timabotolo ta mchenga nazisunga monga mankhwala. Ena amafuna ulemu wapadera mumpingo chifukwa anapondako. Ife ana a Chikonzedwe cha Mpingo sitinaphunzire chotero. Chikhululukiro ndi mphatso ya chisomo. Makwerero 3,750 sawonjezerapo kanthu, ndipo nkhalamba imene sinatulukepo m'boma la kwawo sichepekedwa kanthu. Pa Yohane 4 Ambuye anauza mayi wa ku Samariya kuti nthawi yafika yakuti kupembedza koona sikudzamangidwanso pa phiri ili kapena ilo. Wolemba kalata ya kwa Ahebri, pa chaputala 12, akunenetsa kuti Akhristu sanafike ku phiri logwirika ndi manja, la moto ndi mdima, koma ku Ziyoni wa kumwamba. Choncho banja limene lingagulitse munda kapena kuimitsa mwana sukulu kuti bambo akapeze dalitso ku Sinai lalakwitsa masamu ndi chiphunzitso chomwe.

Tiwonjezere ichi, chimene otsogolera maulendo sakonda kuchinena: Buku Lopatulika silitchula malo enieni pamene panali phiri la Sinai. Mwambo woloza Jebel Musa ndi wakale ndithu. Mayi wina woyenda maulendo a chipembedzo, dzina lake Egeria, analikwera ndi miyendo cha m'ma 383, napeza kale amonke akukhala kumeneko ndi kachalichi pamwamba, ndipo analemba zonse m'kalata kwa anzake a kwawo. Koma pakati pa Mose ndi Egeria panapita zaka zoposa 1,500. Akatswiri ena aloza phiri la Serbal m'Sinai momwemo, ena Jabal al-Lawz ku Saudi Arabia, ena Har Karkom m'chipululu cha Negev. Edward Robinson, mphunzitsi wa Baibulo wa ku America amene anayendera dzikoli m'chaka cha 1838, anaona kuti nsonga ya Jebel Musa sioneka munthu ataima pa chidikha chachikulu cha er-Raha, pamene khamu likadamanga misasa, ndipo anasankha thanthwe la Ras Safsafa limene limayang'anana ndi chidikhacho. Aisrayeli eni ake, atalowa m'Kanani, sanakhazikitse mwambo wobwerera ku Sinai chaka ndi chaka. Anasunga Chilamulo, phirilo nalisiya m'chipululu.

Nanga tsono kupitako n'kwachabe? Iyayi. Pali phindu limene sindilichepetsa. Ku Sande Sukulu tonse tinaphunzira kuweruza Aisrayeli: anthu osayamika, ongodandaula, lero madzi owawa a ku Mara, mawa ludzu la ku Refidimu, mkuja kulakalaka nkhaka, mavwende ndi anyezi a ku Aigupto. Timawaweruza titakhuta nsima, mtsuko uli pakhomo. Munthu amene wayenda maora asanu pakati pa matanthwe amenewa, botolo lake litatsala madzi a m'kamwa kamodzi, saseka nawonso. Amayamba kuganiza za mayi wa Chiisrayeli wobereka khanda kumbuyo, mbuzi zikulira, kutsogolo kulibe chitsime chodziwika. Akawerenganso Eksodo 15 mpaka 17 amaona kukula kwa mayesowo, ndi kukulanso kwa chifundo chimene chinawadyetsa m'mawa uli wonse. Mawu a m'Masalimo onena za thanthwe, mthunzi ndi moyo wa ludzu amaleka kukhala zokometsera nyimbo. Ndipo ngakhale tisanene za Baibulo, kuyenda m'mapiri ndi mphatso yabwino mwa iko kokha. Kumalimbitsa thupi, kumachotsa wachinyamata pa foni ndi pa benchi ya pa golosale, kumamuphunzitsa kusenza katundu wake ndi kudikira mnzake. Palibe chifukwa chochitira manyazi ndi chisangalalo chotere kapena kuchiveka dzina la uzimu kuti chiloledwe.

Otsika phiri amafikira pa makoma aatali a nyumba ya amonke. Anaimangitsa ndi mfumu Justinian pakati pa zaka za 548 ndi 565, ndipo kuyambira pamenepo mapemphero sanalekemo. Amonke ake ndi a Mpingo wa Orthodox wa Chigriki. M'kati mwa linga muli chitsamba cha minga chimene iwo amati ndi mphukira ya chitsamba choyaka moto chija, chitsime chimene amachitcha cha Mose, ndiponso mzikiti wa zaka za m'ma 1100. Zipata zimatsegukira alendo m'mawa mokha, ndipo Lamulungu sizitseguka. Chuma chake chenicheni ndi mabuku olembedwa pamanja, oposa 3,000, amene kuuma kwa chipululu kwawasunga osaola. Kuno ndiko kunachokera Codex Sinaiticus, Baibulo la Chigriki la zaka za m'ma 300, lokhala ndi Chipangano Chatsopano chathunthu chakale koposa onse amene alipo. Constantin von Tischendorf wa ku Germany anatengako masamba 43 m'chaka cha 1844, ndipo mu 1859 anatenga ambiri otsalawo kupita nawo ku Russia. Mu 1933 boma la Soviet Union linawagulitsa ku Britain pa mtengo wa mapaundi 100,000, ndipo lero ali mu British Library ku London. Amonke sanaiwale nkhani imeneyi, ndipo alendo okonda mabuku anayamba kuwayang'ana ndi diso lina.

Chifukwa chake nkhani yotsatirayi ndi yokoma, ndipo ndikufuna atsikana athu aimve. M'chaka cha 1892 pa chipata chimenechi panafika amayi awiri amapasa a ku Scotland, Agnes Smith Lewis ndi Margaret Dunlop Gibson, a mpingo wa Presbyterian monga ife, obadwa mu 1843, onse awiri amasiye. Msewu kunalibe, anayenda pa ngamira kuchokera ku Suez kupitirira sabata yathunthu, akugona m'mahema. Analibe digiri ya ku yunivesite, pakuti pa nthawi ya utsikana wawo makomo amenewo anali otsekera akazi, koma anali ataphunzira zilankhulo zambiri mwa khama lawo, ndipo Agnes anali atangophunzira Chisiriya, chilankhulo chapachibale ndi Chiaramu chimene Ambuye ankayankhula. Anayankhula ndi amonke m'Chigriki cha masiku ano, nawalemekeza, ndipo amonkewo anawatsegulira kachipinda ka mdima. M'menemo Agnes anapeza buku lakuda ndi litsiro, masamba ake omatirirana, moti ena anawalekanitsa ndi nthunzi ya m'ketulo. Pamwamba panalembedwa mbiri za akazi oyera mtima. Koma pansi pa zilembo zimenezo anaona zina zofufutika, pakuti kale chikopa cholembapo chinali chodula ndipo ankachipala n'kulembaponso. Zofufutikazo zinali Mauthenga Abwino anayi m'Chisiriya chakale, olembedwa cha m'ma 400, amodzi mwa makope akale koposa a Uthenga Wabwino. Amayiwa sanabe tsamba ngakhale limodzi. Anajambula zithunzi, nabwereranso mu 1893 ndi akatswiri a ku Cambridge kudzakopera mawuwo, ndipo bukulo likadali kwa eni ake. Pambuyo pake anapereka malo omangapo Westminster College ku Cambridge, sukulu ya ubusa ya mpingo wa Presbyterian imene inatsegulidwa mu 1899. Anakwera nalo phirilo, inde, koma chimene anabwera nacho chinachokera m'zaka zimene anakhala pa tebulo kuphunzira zilembo zachilendo asananyamuke.

Sitingamalize osanena za eni dziko, amene mlendo amaika moyo wake m'manja mwawo usiku uja. Abedwini a kuno ndi a fuko la Jebeliya, ndiko kuti anthu a kumapiri. Mbiri yawo imati makolo awo anatumizidwa ndi Justinian kudzatumikira ndi kulondera nyumba ya amonke. Patapita nthawi analowa Chisilamu, koma ubale wawo ndi amonke unapitirira zaka mazana ambiri, awa akupereka mkate, awa akupereka ntchito ndi chitetezo. Mkhristu wokwera Phiri la Mose amatsogozedwa ndi Msilamu, namwa tiyi wake, nafunda bulangete lake, ndipo akaterereka ndi dzanja la Msilamuyo limene limamugwira. Achinyamata athu aziganizire zimenezi pamene akuyankhula za anansi awo a ku Mangochi kapena ku Nkhotakota. Ajebeliya amadziwa pamene madzi amabisala pansi pa mchenga. M'zigwa zam'mwamba anamanga minda ya mipanda ya miyala, yothiriridwa ndi zitsime zokumba pamanja, momwe mumabala azitona, mphesa, nkhuyu, makangaza ndi maamondi. Munthu woyenda tsiku lonse m'miyala akatulukira mwadzidzidzi pa munda wotere amamvetsa chifukwa chake Baibulo limayamba ndi munda. Mu 2015 mafuko atatu a Abedwini anatsegula njira ya oyenda pansi yotchedwa Sinai Trail, ya makilomita 220, ndipo mu 2018 inatalikitsidwa kufika makilomita 550, mafuko asanu ndi atatu akugwirizana, fuko lili lonse likutsogolera alendo m'dera lake. Safunsa anadya phula. M'dziko lotere mlendo wonyozera mawu a mtsogoleri chifukwa ali ndi mapu pa foni akusewera ndi moyo wake.

Alendo amabweretsa ndalama, koma amabweretsanso mavuto. Khamu la usiku uli wonse limasiya mabotolo a pulasitiki, mapepala ndi zonyansa, ndipo m'dziko louma chotero zinthu siziola msanga. Khoko la lalanje limene ku Zomba likadatha m'masabata ochepa limakhala pa thanthwe miyezi yambiri. Ena amalemba maina awo ndi a mipingo yawo pa miyala ndi penti, ngati kuti Mulungu angawaiwale akapanda kutero. Akale anati ukayenda siya phazi. Chimene wakwera nacho utsike nacho. Kuyambira cha m'ma 2021 boma la Egypt lakhala likumanga mahotela, misewu ndi nyumba zatsopano m'tauni ya Saint Catherine ndi pa chidikha cha er-Raha pofuna kuchulukitsa alendo, ndipo ambiri okonda malowa, pamodzi ndi a UNESCO, adandaula kuti bata limene anthu amadzera kutali kudzalifuna likhoza kutha. Funso la madzi lili pomwepo: hotela imodzi ya mabafa ambiri imamwa madzi amene akadathirira minda yambiri ya Ajebeliya.

Ndipo m'mapiri amenewa muli zamoyo zimene zilibe kwina kothawira. Muli mbira zonga za m'mapiri a kwathu, ankhandwe, ndi mbuzi za kuthengo za nyanga zazitali zopindikira kumbuyo, zimene tsopano zatsala zochepa. Mulinso kagulugufe kobiriwira motuwa, kochepa ngati chikhadabo cha chala, kamodzi mwa agulugufe aang'ono koposa pa dziko lonse lapansi. Sikapezeka kwina kuli konse koma m'mapiri ozungulira Jebel Musa, ndipo moyo wake wonse umadalira kachitsamba kamodzi konunkhira ka mtundu wa thyme, kamene mbozi zake zimadya maluwa ake. Chilala chikapitirira, kapena anthu akazula zitsambazo kukachita mankhwala, kagulugufeko kamachepa nako. Kamauluka masabata ochepa okha pa chaka, cha m'Meyi ndi Juni, dzuwa likuwala, m'tizigwa ta pambali pa njira, nthawi imene alendo a usiku aja ali kale m'basi kubwerera ku mahotela a kunyanja.